Chitsulo cha a Makutu

Madzulo amenewo ndinakwera basi yachikhumi n'chimodzi chichokereni pamaliro a bambo anga. Mabasiwo ndinkawawerenga, poti panalibe china chochita. Wogulitsa matikiti atandifunsa kumene ndikupita, ine ndinamufunsa basi imene ikunyamuka msanga. Anandiyang'ana ngati ndalawako, koma tikiti anandipatsa.

Bambo anali makaniko wa mabasi. Anthu ankawatchula a Makutu, chifukwa galimoto ankaipima ndi khutu. Anali ndi chitsulo chawo, chotalika ngati mkono, chopindika kumapeto. Ankazungulira nacho basi, n'kumamenya tayala lililonse kawiri, kenaka mabawuti limodzilimodzi, mutu atapendeketsa. Pakamveka zoipa ankatsonya.

Mwa ana asanu, amene anatengera khutu lawo ndi ine, mwana wamkazi. Ndili wamng'ono ankandikodola n'kunena, "Bwera udzamve." Nditakula, girizi anayamba kundinyansa. Ndinapeza ntchito ya mu ofesi, yovala bulauzi yoyera, mapewa n'kukwera. Tsiku lina anandipempha kuti ndizikawathandiza pagalaja Loweruka, poti manja awo anayamba kunjenjemera. Ndinawayankha kuti sindinapitire kusukulu kugona pansi pa galimoto. Anangopukuta manja pa ovolosi. Patatha miyezi iwiri anamwalira, tisanalankhulanenso.

N'chifukwa chake kwathu ndinkakuopa. Galaja yotseka ija ndikaiona, mtima unkandiluma. Tsiku lachitatu maliro atatha ndinanyamula kachikwama, ulendo. Ndinkagona m'mabasi, kusamba m'madepoti, kuona matauni amene mayina ake sindinawasunge. Amayi ankaimba foni madzulo alionse.

"Ukubwera liti, mwanawe? Nyumbayi yandikulira."

"Mawa, amayi."

Mawa limenelo linatha masabata atatu.

Basi ya tsiku limenelo inali yodzaza. Ndinakhala kumbuyo, pawindo lakumanzere, pamwamba penipeni pa tayala. Pambali panga panali mayi wina ndi khanda lake, ndipo khandalo linkandiponda ndi timapazi ngati tinadziwana kale. Cha m'ma leveni tinafika pamwamba pa phiri. Chifunga chinali bii. Dalaivala anapatukira pamalo ena othirira mafuta, nazimitsa injini.

"Phiri ili sinditsika usiku," anatero. "Wofulumira atsike wapansi. Tinyamuka kukacha."

Anthu anang'ung'udza pang'ono, kenaka anafunda. Kondakitala anakhoma chitseko kuopa akuba, kiyi n'kuika m'thumba, iye n'kugona chopingasa pamasitepe. Panja panali babu limodzi lofooka ndi mlonda wokalamba atakhala pachitini. Posakhalitsa basi yonse inali mkonono wokhawokha. Ine tulo ayi. Miyendo inkandiyabwa, ndinkangofuna basi iyende, ipite kulikonse.

Kenaka ndinamva.

Du, du.

Kutsogolo, kumanja. Ndinatchera khutu. Mwina ndi mlonda, ndinadziuza. Ndinasuzumira. Mlonda anali pachitini pake, mutu uli m'jekete.

Nge. Nge. Nge.

Mabawuti tsopano, limodzilimodzi, mosafulumira. Ndinawerenga mpaka khumi. Kunakhala zii. Ndiye mapazi pamiyala, akukhwekhwereza pang'ono, kubwera kumbuyo.

Du, du.

Ndisaname, aka sikanali koyamba. M'mabasi enawo, tikaima usiku, ndinkamva kamvekedwe komweka chapatali, n'kumati ndi kutopa. Mwinanso n'zimene ndinkasaka m'misewu yonseyi, sindikudziwa. Koma usiku umenewu zinali pafupi. Mpando wanga unkanjenjemera.

Anamaliza mbali yakumanja. Anazungulira kumbuyo kwa basi. Ndinamva chifuwa, chouma, cha munthu amene wameza utsi wa dizilo moyo wake wonse. Tsitsi langa linaima. Chifuwa chimenecho ndinakula nacho.

Du, du. Pansi panga penipeni.

Nge. Nge. Phwe.

Khutu langa linadziwa mutu usanadziwe. Bawuti lamoyo limalira. Limenelo silinalire.

Phwe. Phwe. Nge. Phwe.

Ndipo munthu uja anatsonya.

Ndinapukuta nthunzi pagalasi ndi chikhatho. Pansi, m'chifunga, panali munthu atanjuta pafupi ndi tayala. Analibe tochi. Nkhope sindinaione, anali atawerama, mutu atapendeketsa. Ndinafuna kudzutsa mayi wa khanda uja, koma dzanja linakana.

"Bambo?" ndinanong'ona.

Sanadzutse mutu. Anangotukula dzanja, n'kundikodola kawiri.

Ndinachita mantha, komanso manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo anali aakulu. Ndinatseka maso zolimba, n'kudziphimba ndi juzi kumutu. Ndinati sindipita. Ndikukumbukira bwino kuti ndinati sindipita.

Chimene chinandidzutsa ndi kuzizira kwa miyala pamsana.

Kunali kutacha. Ndinali panja, chagada, theka la thupi lili pansi pa basi. Pamwamba panga panali nkhope zambirimbiri. Bulauzi yanga inali yakuda ndi girizi mpaka m'zigongono. Nsapato ndinalibe. M'dzanja lamanja munali chitsulo, ndipo zala zinali zitauma pochigwira.

"Mwatuluka bwanji inu?" kondakitala anakuwa. Anatulutsa kiyi m'thumba kuonetsa anthu. "Chitseko ndatsegula ndekha pompano! Ndinagona pakhomo ine!"

"Mwina pawindo," wina anatero.

"Windo limenelo? Ngakhale mphaka angaganize kawiri."

Dalaivala anabwera akumanga lamba, maso ali psuu. "Achemwali, mukutani pansi pa basi yanga? Mukufuna kumasula chiyani?"

Ndinadzuka. Mawu amene anatuluka sindinawakonzekere. "Tayala ili musatsike nalo phiri."

Anthu anaseka. Wina anati ndalota. Wina anati alipo amene amadwala mutu akakwera pamalo okwera. Dalaivala anamenya tayala ndi nsapato. "Mpweya uli bwinobwino. Basi iyi inaonedwa dzana. Kwerani tizipita, musandichedwetse."

Anthu anayamba kukwera. Mayi uja anadutsa pafupi nane, khanda lili kumsana, osandiyang'ana. Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinagwira dalaivala pamkono, ine amene sindinkapatsa moni makaniko kuopa kuda.

"Bambo, imani. Tamverani."

Ndinanjuta. Ndinamenya bawuti loyamba. Nge. Lachiwiri. Nge. Lachitatu. Phwe.

"Mwamva?"

"Ndamva chitsulo."

"Bweretsani sipanala. Likakhala lamoyo, mundisiye pompano ndi chikwama changa."

Dalaivala anatuma kondakitala kukatenga sipanala. Anaika sipanala pa bawuti lachitatu, n'kukankha pang'ono chabe. Mutu wa bawuti unathothoka ngati dzino lovunda, n'kugubuduka pamiyala. Lachinayi chimodzimodzi. Pa mabawuti khumi, asanu ndi limodzi anali othyoka m'kati, atangogwirira ndi dzimbiri.

Palibe anasekanso. Dalaivala anapita m'mphepete mwa msewu, n'kuyang'ana kumene ukutsikira, makona okhaokha mpaka pansi. Anakhala pansi pomwepo, manja kumutu. Atabwerera anandifunsa motsitsa mawu, "Ntchito imeneyi munaiphunzira kuti?"

"Kwa bambo anga," ndinatero. Kanali koyamba kunena zimenezo popanda kuyang'ana kumbali.

Ndinamupatsa chitsulo chija kuti abwezere m'bokosi la zida. Anachitembenuza, napukusa mutu. Sichinali chake. Kondakitala naye anachikana. A pamalo othirira mafutawo anati sanachionepo.

Anthu ali kalikiliki kuimbira makaniko, mlonda uja anandiitanira kuseri kwa pampu. Anali atagwira kapu ya tiyi, koma sankamwa.

"Mwana wanga, ndikuuze, usakauze anthu kuti ndanena ndine. Ndinakuona. Kuyambira cha m'ma thuu unkazungulira basi imeneyi, opanda nsapato, maso ali otseka. Katatu konse."

"Ndinali ndekha, agogo?"

Anayang'ana m'kapu. "Womenya unali iwe. Koma wotsokomola sunali iwe. Chifuwa chinkamveka kumbuyo kwako, ndipo iwe unkaima kumudikira. Ine ndinangotseka maso. Ntchito yanga ndi ya akuba."

Kumbali, amayi awiri ogulitsa zipatso ankanong'onezana akundiloza ndi milomo. Wina ankati alipo anthu amene amayenda ndi akufa awo. Mnzake ankati ayi, akufawo ndi amene amayenda ndi anthu awo, mpaka atamva zimene akufuna kumva.

Ndinatulutsa foni. Kwa nthawi yoyamba, ndinaimba ndine.

"Amayi, chitsulo cha bambo chija chili kuti?"

"Chitsulo chiti?"

"Chomenyera matayala. Chopindika kumapeto."

"Chokulunga mphira wakuda pogwirira? Chosweka pang'ono kukamwa?"

Ndinachiyang'ana. Mphira wakuda. Kukamwa kosweka. "Chomwecho."

Amayi anatsitsa mawu.

"Chimenecho ndinachiika ndekha m'bokosi la maliro, pafupi ndi dzanja lawo. Iwe sunaone. Unali panja, unakana kulowa kudzawatsanzika."

Ndinatsamira pampu. Ndinawauza zonse, za tayala, za chifuwa, za mawu oipa amene ndinawayankha bambo tsiku lija, amene sindinauzepo munthu. Ndinalira pamenepo, kulira kumene kunandikanika pamaliro, anthu a m'basi akundiyang'ana. Amayi sanandidule. Nditamaliza anayankha ndi mawu ang'onoang'ono, otopa.

"Bwera nacho kuno. Ndipo ngati akukutsatira, usawathamangitse, ubwere nawo. Ine ndimagona chitseko chosakhoma masabata atatu onsewa. Kuno sanafikeko n'kamodzi komwe."

Ndinatenga chikwama changa m'basi. Ndinadutsa msewu, n'kukaima mbali ya magalimoto obwerera. Mphepo ya paphiripo inkaluma, zala zanga zinali zitachita dzanzi. Ndinasinthira chitsulo m'dzanja lina, n'kuchigwira kumapeto kopindika, kumene sindinakhudzeko m'mawa wonse. Kumapetoko kunali kofunda.