Kuzonda Bizaliele M'maloto

Chisoti cha madokotala chitangokhala pamutu pa Edinesi, bwalo lonse la mpira la ku Chilomoni, pomwe anthu anasonkhana, linayamba kuyandama ngati thovu la sopo. Ankachitcha Mlotetsi. Ntchito yake inali kulawitsa munthu malungo m'maloto, kuti asanavomere kulumidwa dala ndi udzudzu wa kafukufuku, adziwe chomwe akuvomera.

Woti alumidweyo sanali Edinesi ayi; iye anangochivala kuti alawe nawo. Mwamuna wake Bizaliele, wokonza njinga zouluka, ndiye anadzipereka kuyesa katemera watsopano.

M'malotomo Edinesi ananjenjemera mpaka mano kulira ngati matalala padenga la malata. Mitambo inkalowera khutu ili n'kutulukira linali. Koma chinamuwawa kwambiri n'chakuti anali yekhayekha m'chipinda chagalasi, popanda ndi womufunsa kuti wadzuka bwanji.

Anavula chisoti. "Adokotala, abambo akunyumbawa adwale okha ngati mfiti? Ozonda alowera pati?"

"Mayi, mmenemo simulowa ngakhale ntchentche," anayankha Dokotala Kamwendo.

"Ndiye udzudzu wanuwo ukalume amalume anu!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Anakambirana mpaka malovu kuuma, n'kumvana chimodzi: Bizaliele alumidwe, koma zisoti zitsale kwa anthu kuti azikamuzonda m'maloto.

Ndiye tsiku lomwe Bizaliele thupi linamutentha, eeh, Chilomoni yense anavala zisoti n'kugona dzuwa likuswa mtengo! Amayi amvano, akabaza, ngakhale mlamu wake uja samapatsana naye moni. Edinesi anatsogola, chigubu cha thobwa pamutu, akuponda pamitambo mwakachetechete. Anamupeza Bizaliele pabedi loyandama.

"Mwaswera bwanji, abambo?"

"Ndikupita ine, mayi," anabuula, diso lili pa nthochi za alendo.

"Mukupita kuti? Tamwani apa."

Aliyense pomugwira pachipumi ankatapako kakutentha pang'ono, n'kudzuka nako kunyumba kwake ngati wapala moto kwa mnansi. Dzuwa lisanalowe Bizaliele anali atazizira kale, akufunsa za njinga zake.

Dokotala anagwira chibwano. "Mayi, mwatisokonezera kafukufuku. Tidziwa bwanji ngati wachira ndi katemera kapena ndi inu?"

Edinesi anapukuta thukuta losakhala lake. "Yambiraninso, adokotala. Koma ulendo uno mulumidwe inuyo. Osadandaula, tidzakuzondani."

Dokotala anaseka. Zaka zonsezi akuyeza malungo, anali asanaganizepo kuti ndi katundu woti anthu n'kulandirana panjira.