Ndani Wagwira Bokosi?

Kwawo ankamutchula kuti Kafupi. Anali wamfupi, koma ankati ndi wamphamvu.

Tsiku lina Kafupi anali pa vuto. Kamphaka kake kanatsekeredwa m'kabati. Bokosi lalikulu la mabuku linali pachitseko cha kabatiyo.

"Miyawu! Miyawu!" kanalira kamphaka.

"Usalire," anatero Kafupi. "Bokosili ndalibweretsa pano ndine, m'mawa posesa. Ndilichotsa ndekha."

Kafupi anakankha. Bokosi silinasunthe.

Anakankhanso. Bokosi linangoti nji!

Anakankha ndi msana. Bokosi linangoti nji!

"Iii, pali chinachake apa," anatero Kafupi. "M'mawa limayenda bwinobwino."

Anasuzumira pawindo. Achimwene ake anali panja. Ankaimba mluzu. Manja anali m'thumba.

"Mluzu umenewu ngwachinyengo," anatero Kafupi. "Aikamo miyala."

Anatsegula bokosi. Munalibe miyala. Munali mabuku okhaokha.

"Ndiye alikhomera pansi."

Anafufuza mbali zonse. Panalibe msomali.

"Ndiye alimata ndi guluu."

Anagona chafufumimba. Ananunkhiza pansi. Panalibe guluu. Fumbi linamulowa m'mphuno. Anayetsemula.

"Miyawu! Miyawu!"

Kafupi anathamangira panja.

"Achimwene, mwalitani bokosi lija?"

"Ine? Palibe."

"Onetsani manja!"

Achimwene anaonetsa manja. Munalibe kanthu.

"Nanga mluzu uja?"

"Kodi mluzu ndi mlandu?" anafunsa achimwene. Nkhope yawo inagwa.

Amayi anamva phokoso. Anasiya kuchapa, nabwera.

"Achimwene alichita chipongwe bokosi," anatero Kafupi. "M'mawa ndalikankha ndekha. Pano likukana."

"Wekha?" anatero achimwene. "Poyamba tinakankha tonse. Litayamba kuyenda, ine ndinasiya."

Kafupi anakumbukira. Zinalidi choncho. Koma ankawayang'anabe cham'mbali.

"Mwanangu, gundanitsa zikhatho zako," anatero amayi. "Panikiza kwambiri. Tsopano tsetsereza chimodzi."

Kafupi anayesa. Zikhatho zinakana. Anawonjezera mphamvu. Kenaka chimodzi chinatsetsereka, fwee!

"Zinavuta liti?" anafunsa amayi.

"Poyamba."

"Nanga zitayamba kuyenda?"

"Zinapepukako."

"Bokosinso ndi choncho," anatero amayi. "Pansi pake pali timabampu ting'onoting'ono. Pasimenti palinso timabampu. Maso sationa. Bokosi likakhala chete, timagwirana kwambiri. Likayamba kuyenda, timangokhulana. Timagwirabe, koma pang'ono."

"Ndiye wagwira bokosi ndi simenti?"

"Eya, simenti."

Kafupi anaiyang'ana simenti moikayikira.

"Ndione ndi maso anga," anatero.

Onse analowa m'nyumba. Kafupi anagwira bokosi. Achimwene anagwiranso.

"Likangoyenda, musiye," anatero Kafupi. "Ndikukuonanitu."

Anakankha. Anakankha. Bokosi linati khwee!

Achimwene anakweza manja m'mwamba. Kafupi anakankhabe yekha. Bokosi linkayenda! Linali lolemerabe, koma linkayenda.

Kafupi anaima kuti apume. Bokosi linaimanso. Anakankha. Linangoti nji!

"Lagwirananso!" anakuwa Kafupi.

Koma chitseko chinali poyera tsopano. Amayi anatsegula kabati. Kamphaka kanatuluka. Kanadziwongola. Kanadutsa Kafupi. Kanakadzikhula pamwendo pa achimwene.

Kafupi anayang'ana pansi.

"Pepani, achimwene," anatero. "Ndinakunamizirani."

"Palibe kanthu, mlongo wanga."

Achimwene ananyamula kamphaka. Anakaika m'manja mwa Kafupi. Onse atatu anakhala pabokosi paja, Kafupi pakati. Kamphaka kanatseka maso, kanagona.