Mayina a Kumapeto kwa Buku

Ine si munthu wa nkhani za mizimu. Ndimaphunzitsa Chichewa ku sekondale, Lamlungu ndimaimba kwaya, ndipo mwana wa sukulu akandiuza kuti waona mzukwa ndimayamba ndamufunsa ngati wadya. Koma izi ndikufuna kunenazi zinachitika masanasana, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu oposa makumi asanu. Wokayika akafunse a Kondi, aja amabwereketsa zokuzira mawu pa Chitakale. Akafunsenso malume anga a Yosefe, mkulu wa mpingo, munthu woti bodza sadziwa n'komwe limagulitsidwa.

Chaka cha namondwe uja, mwezi wa Malichi, phiri linatsika ndi madzi n'kukwirira theka la mudzi wathu, cha ku Muloza uku. Mlamu wanga Joice tinamupeza patapita masiku atatu, tinamuika. Amuna ake, achimwene anga a Hopeson, sanapezeke. Tinakumba, tinatsata mtsinje, tinayenda m'zipatala, koma osaona ngakhale nsapato yawo.

Kwathu munthu akasowa chotere, mtembo osaoneka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu n'kuliika m'manda kuti maliro athe. Koma akuluakulu amachenjeza kuti ukaikira nthochi munthu amene akadali moyo, wamutsekera njira, ndipo komwe aliko sachedwa kuitsatira nthochiyo. Amayi ankakanira pomwepo. Miyezi isanu ndi iwiri anakhala akukana. Malume, monga mwini mbumba, ankati madzi akatayika saoleka, tiyeni tilire zithe. Ine, ndisabise, ndinali mbali ya malume. Ndinatopa kuona amayi akutha thupi, akudzidzimuka njinga iliyonse ikaliza belu pamsewu. Tsiku lina ndinawalankhula mawu owawa, oti ndikawakumbukira lero ndimachita manyazi. Anagonja. Tsiku loika nthochi linakhazikitsidwa, Loweruka lachitatu la Okutobala.

Kutatsala sabata imodzi, kunali chikondwerero cha mabuku mu holo ya sukulu ina pafupi ndi Chitakale. Alembi anabwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Zomba kudzacheza ndi owerenga, ndipo ine anandipempha kuti ndikhale wowafunsa mafunso. M'mawa zinayenda bwinobwino. Mtsikana wina wandakatulo anaseketsa anthu mpaka misozi. Bambo wina wa buku la ulimi wa chinanazi ndinangomufunsa funso limodzi, iye n'kuyankha ola lathunthu, mpaka ndinachita kumulanda maikolofoni mwaulemu.

Itangodutsa thu koloko anakwera a Bryson, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwowa anayenda m'misasa ya anthu opulumuka atanyamula kope ndi bolopeni, kulemba zimene aliyense anaona, n'kutulutsa kabuku kotchedwa *Phiri Litatsika*. Kumapeto kwake anaika mayina a onse amene anapita m'mudzi mwathu, nyumba ndi nyumba, kuyambira kumtunda kutsikira kumtsinje. Dzina la achimwene ndinawapatsa ndine, amayi osadziwa. Malume ndinawaitana kuti adzamve, ndipo anakhala pa benchi yachiwiri chipewa chili pabondo.

Tinacheza. Ndinawafunsa ngati anthu sankakana kuyankhula, iwo anati ambiri ankakana tsiku loyamba, koma lachitatu ankawatsatira okha mpaka pa njinga. Ndinawafunsa tsamba lomwe linawavuta kwambiri, anati lomaliza. Ndiye ndinafunsa chifukwa chake anaika mayina. Anati pa wailesi ankangomva manambala, ndipo nambala ilibe mayi wake.

Pamenepo mayi wina wa m'mudzi mwathu anaimika dzanja. Anati iye sadziwa kuwerenga, koma anamva kuti dzina la mwana wake lili m'bukumo, ndiye amapempha kuti alimve ndi makutu ake. A Bryson anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu. Ndinaona ngati ndi chinthu chabwino.

Kunja kunkatentha koopsa. Malata ankathetheka, nyenje zili pokopoko m'mitengo ya mango kuseri kwa holo. Alendo ambiri a m'mawa anali atapita, moti mabenchi atatu akumbuyo analibe munthu. Zenera lililonse linali lotsegula, fumbi likulowa.

A Bryson anatsegula tsamba lomaliza. Anawerenga dzina loyamba.

Nyenje zinasiya. Zonse, nthawi imodzi.

Kenako fungo. Amene anakumbako masiku aja akulidziwa: matope a m'phiri, ozizira, osakanikirana ndi mizu yothyoka. Mu Okutobala, mvula isanadonthe ngakhale kamodzi.

"Ndilipo."

Mawuwo anachokera kumbuyo. Sanali okweza. Ine ndinaganiza kuti ndi ana a sukulu ayamba zachibwana, ndiye ndinadzutsa mutu ndi maso anga a m'kalasi aja, ndikufuna ndimuone wamwanoyo. Mabenchi anali mbee.

A Bryson anawerenga lachiwiri.

"Ndilipo."

Awa anali mawu a munthu wina, wachikulire. A Kondi anaganiza kuti makina awo akukoka wailesi. Anadzuka n'kuzula chingwe kukhoma, n'kuchinyamula m'manja kuti aliyense achione. A Bryson anawerenga lachitatu ndi pakamwa pokha. Linayankhidwa.

Anatseka buku. Palibe anakuwa, palibe anathawa. Malume ndiwo anayankhula, motsitsa, osatembenuka.

"Aphunzitsi, musasiyire panjira. Mwayamba kuwaitana, amalizeni."

Anatsegulanso. Anapitiriza, nyumba ndi nyumba. Ena ankayankha msanga, ena mochedwa ngati achokera patali. Nkhalamba ina inayankha m'Chilomwe. Litafika dzina la mwana wa mayi uja, kamawu kakang'ono kanati "pulezenti," monga amachitira aphunzitsi akamaitana mayina m'mawa. Mayiyo anadziphimba kumaso ndi chitenje. Sanalire mokweza.

Ine ndinkadziwa kuti nyumba yomaliza, ya kumtsinje, ndi ya achimwene.

"Joice."

"Ndilipo."

Mawu ake osasa aja. Ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

A Bryson anawerenga lotsatira.

"Hopeson."

Zii.

Anadikira. Anabwerezanso.

"Hopeson."

Palibe.

Kachitatu anachita kunong'ona.

Ndiye kumbuyo kuja, Joice, modekha, ngati akuyankha mlendo amene wagogoda pakhomo:

"Amenewo kuno kulibe."

Patapita kanthawi nyenje imodzi inayamba, zinzake n'kutsatira. Fungo lija linatha. Kutentha kunabwerera. A Kondi, amene ndi olimba mtima kuposa tonsefe, anapita kukayang'ana kumbuyo, ndipo anapeza simenti ya pansi pa mabenchi atatu aja ili yonyowa. Anaigwira, inali yozizira. Anthu anatuluka mmodzimmodzi osayankhulana, ndipo mlembi amene ankayenera kutsatira sanafunse n'komwe za nthawi yake. Mlendo wina wa ku Blantyre anayesa kunena kuti ndi zokuzira mawu zija. A Kondi anangomuonetsa chingwe chomwe chinali chikadali m'manja mwawo.

Panja, malume anavala chipewa chawo, anachivulanso. Anandiuza mawu atatu okha: "Nthochi ija isadulidwe."

Titawafotokozera amayi madzulo ake, sanadabwe ngakhale pang'ono. Sanandikumbutsenso mawu anga owawa aja, zomwe zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Anangofunsa ngati Joice ankamveka ngati ali bwino.

Loweruka la nthochi lija linafika n'kudutsa. Anthu ena m'mudzi anayamba kung'ung'udza kuti mkulu wa mpingo wathunthu akusintha mwambo chifukwa cha mawu a m'holo. Malume ankangoti amene anali pomwepo ndi amene angawatsutse. Ine usiku ndi usana ndinkadzifunsa: ngati kumeneko kulibe, ndiye ali kuti? Nanga ngati tangowonjezera amayi miyezi ina yodikira pachabe?

Lolemba lotsatira, ndili m'kalasi, anandiitana kuti pageti pali munthu. Anali bambo wa kabaza wa pa Muloza, a Hussein, thukuta lili kamukamu. Anati akhala akufunsafunsa masiku anayi kufuna abale a munthu wotchedwa Hopeson. Kuseri kwa Milange, ku Mozambique, anatero, pamudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje, pali bambo amene anthu anamuvuula m'madzi mwezi wa Malichi, mutu utang'ambika. Anachira, koma sankadziwa dzina lake kapena kwawo. Banja lina linamusunga, akulima nawo, akungomutchula kuti Malawiano. Ndiye masiku asanu ndi anayi apitawo, Loweruka masana, munthuyo anangodzuka pomwe anakhala n'kunena dzina lake, la amayi ake, ndi la mudzi.

Ndinakhala pansi pageti pomwepo, pa fumbi, ndi diresi langa la kuntchito. Ndinaseka, ndinalira, ana a sukulu akundiyang'ana. Sindinasamale.

M'mawa mwake ine ndi malume tinawoloka pa Muloza, a Hussein ndi mnzawo atatikweza. Njira yonse chimwemwe chinali chosakanikirana ndi chinthu chimodzi cholemera. Munthuyu anakokoloka asanadziwe za mkazi wake. Amuuza ndani? Malume anati ndiwauze ine, poti ndine mphunzitsi, mawu ndimawadziwa. Ine ndinati awauze iwo, poti ndi mwini mbumba. Tinakankhirana chonchi mpaka tinafika.

Tinawapeza atakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, chipsera chikuchokera pamphumi mpaka kuseri kwa khutu. Koma anali iwo. Achimwene anga, amoyo, akupuma, akuingitsa ntchentche. Malume, amene sindinawaonepo akulira ngakhale pa maliro a Joice, anagwada n'kuwagwira mapazi. Ine mtima unakhala pansi koyamba chichokereni Malichi. Ndikaganiza kuti panangotsala masiku asanu ndi awiri kuti tiwaikire nthochi, ndipo wokakamira kwambiri ndinali ine, mpaka lero ndimachita mantha.

Titapatsidwa madzi, titathokoza eni khomo, malume anandiyang'ana ndi diso lija loti yamba. Ndinakhala pafupi ndi achimwene. Ndisanatsegule pakamwa, iwo ndiwo anayamba.

"Usavutike, Tamanda," anatero. "Za Joice ndikudziwa."

Ndinayang'ana a Hussein. Anapukusa mutu kuti sananene kanthu, ndipo sankamudziwa n'komwe Joice.

Achimwene anafotokoza pang'onopang'ono. Loweruka lija masana anali pansi pa mtengo womwewo akupala nsungwi. Anamva mawu a bambo wachikulire akuitana dzina. Koyamba sanadziwe kuti ndi la ndani. Kachiwiri anazindikira kuti ndi lawo, ndipo zonse zinabwerera, nyumba, mtsinje, amayi. Kachitatu anatsegula pakamwa kuti ayankhe.

"Dzanja linanditseka pakamwa kuchokera kumbuyo. Lozizira, lamatope. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala nalo dzanja limenelo, sindingalisokoneze ndi la wina."

Malume anafunsa motsitsa ngati Joice ananena kanthu.

"Anati, 'Musayankhe, abambo. Akuitana ife.'"

Ndinawagwira dzanja achimwene. Linali lofunda.