Mlamba M'thanki ya Anastazia

Uyu ndi Anastazia.
Kwawo ndi ku Namitete.
Anastazia ankafuna nsomba.
Osati nsomba za ndiwo, ayi.
Ankafuna nsomba zongoyang'ana.

Mnzake wa Anastazia anali Sumaiya.
Bambo ake a Sumaiya anali ndi golosale pamsika.
M'nyumba mwawo munali thanki ya galasi.
M'thankimo munali tinsomba tochokera ku Lilongwe.
Tinsomba tofiira.
Tinsomba tachikasu.
Tinsomba tamawanga.
Michira waliwali, ngati zitenje za pa ukwati.

Ana onse ankathamangira kwa Sumaiya.
"Ii, Sumaiya, kukongola kwake!"
"Sumaiya, tiloleni tione nafe!"
M'mawa Sumaiya.
Masana Sumaiya.
Madzulo Sumaiya yemweyo.

Anastazia anamva kanthu pamtima.
Kanthu kakang'ono.
Kanthu kotentha ngati tsabola wa kambuzi.
Kodi mukukadziwa kanthuko?
Dzina lake ndi nsanje.
Musakane, inunso kanakutenthanipo.

Anastazia anapita kwa amalume ake, a Fabiano.
A Fabiano ankadula magalasi a mawindo.

"Amalume, ndipangireni thanki ya nsomba," anatero Anastazia.
"Yaikulu bwanji?" anafunsa amalume.
"Yoposa ya Sumaiya."
Amalume anaseka.
"Oho! Kodi ukufuna nsomba, kapena ukufuna kuposa Sumaiya?"
"Zonse," anayankha Anastazia.

Amalume anatola magalasi otsala.
Anadula. Anamata. Anadikira kuti ziume.
Anastazia anatsuka mchenga.
Anatsuka timiyala.
Anatunga madzi pamjigo.
Thanki inatha.
Inalidi yaikulu kuposa ya Sumaiya!

Koma thanki yopanda nsomba ndi ndowa chabe.

Sumaiya anabwera atanyamula botolo.
M'botolomo munali tinsomba tinayi.
"Kwaya, mnzanga," anatero Sumaiya. "Ndakugawira."
Anastazia anatipatsa mayina.
Aka ndi Kofiira.
Aka ndi Kachikasu.
Aka ndi Kamawanga.
Aka, konenepaka, ndi Kamimba.

Lolemba amalume ananyamuka.
"Ndikupita ku Nsaru kukaika mawindo," anatero.
"Ndibwera Lachinayi.
Usaikemo mlendo m'thankimu ndisanamuone. Wamva?"
"Ndamva, amalume."
Inayankha ndi milomo yokha.
Makutu anali kwina.

Ana anabwera kudzaona.
Anawerenga ndi zala.
"Tinayi tokha? Kwa Sumaiya n'tambiri!"
Ana anabwerera kwa Sumaiya.

Tsabola uja anatenthanso.
"Ndipeza nsomba yaikulu," anatero Anastazia.
"Yaikulu imene Sumaiya alibe."

Lachiwiri masana Anastazia anapita kudimba ndi amayi ake.
Amayi ankathirira mpiru.
Anaviika kheni m'chitsime.
Anaikoka.
M'khenimo munali chinthu chakuda bii.
Chinthucho chinapiriphita.
Unali mwana wa mlamba!

Unali wautali kuposa dzanja la amayi.
Unali ndi ndevu zazitali.
Unali ndi kukamwa kotambalala.

"Ndipatseni, amayi!" anakuwa Anastazia.
"Wa chiyani, mwananga?"
"Wa m'thanki!"
"Umenewu?" anatero amayi.
"Mutu ngati silipasi yopondedwa ndi minibasi?"
"Koma ndi waukulu. Sumaiya alibe."
Amayi anapukusa mutu.
"Kaya. Ine za nsomba za m'galasi sindizidziwa."

Anastazia anauthira m'thanki.
Chubwi!
Anaupatsa dzina laulemu.
"Inu ndinu a Ndevu."
A Ndevu anatsikira pansi.
Anagona pamchenga, phee.
Ngati munthu wabwino.

Ana anabweranso.
"Ii, Anastazia, chinsomba chake!"
"Taonani ndevu, ngati za amalonda a fodya!"
Anastazia uyu. Anastazia uyo.
Anastazia anamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Sumaiya nayenso anabwera.
Anayang'ana a Ndevu.
Anayang'ana tinsomba.
Anayang'ananso a Ndevu.
"Mnzanga," anatero, "kukamwako kwakula, eti?"
"Ndiye?"
"Ndikuopera tinsombati. Uchotse mlambawu."
Anastazia anagwira m'chiuno.
"Nsanje!" anatero. "Ukuchita nsanje chifukwa iwe ulibe!"
Sumaiya anabwerera kwawo.

Lachitatu m'mawa Sumaiya anadzamutenga kuti apite kusukulu.
Ankatero tsiku lililonse.
Anastazia anali akusamba.
Sumaiya anadikira pafupi ndi thanki.
Anastazia anatuluka, n'kuwerenga nsomba zake.
Kofiira alipo.
Kamawanga alipo.
Kamimba alipo.
Kachikasu?
Kachikasu palibe!

Anayang'ana kuseri kwa timiyala. Palibe.
Anayang'ana pansi pa tebulo. Palibe.
"A Ndevu, kodi mwamuonako Kachikasu?"
A Ndevu anangoti phee.
Ngati munthu wabwino.

Lachinayi m'mawa Sumaiya anabweranso.
Anadikiranso pafupi ndi thanki.
Anastazia anawerenganso.
Kofiira alipo.
Kamimba alipo.
Kamawanga?
Kamawanga palibe!

Anastazia anayang'ana Sumaiya.
Anayang'ana botolo lake la madzi akumwa.
Tsabola uja anatentha kwambiri.
Anafika mpaka palilime.

"Ndiwe!" anakuwa Anastazia.
"Ukutenga nsomba zanga ndikamasamba!
Ukuzibisa m'botolomo!"
"Ine?" anatero Sumaiya.
"Si ndinakupatsa ndine?"
"Unandipatsa, koma tsopano zikukuwawa!"

Sumaiya anatsegula botolo.
Anathira madzi onse pansi.
Munalibe nsomba.
M'maso mwake ndiye munali madzi.
Anapita kusukulu yekha.
Anastazia anapitanso yekha, nkhope ndwii.

Ataweruka, Anastazia anathamangira kunyumba.
"Wina asaonenso nsomba zanga," anatero.
Anatenga chitenje cha amayi.
Anaphimba thanki yonse.
M'thanki munada bii.

Iye analowetsa mutu kunsi kwa chitenje.
Anasuzumira.
Anadikira.

Mukudziwa kodi?
Mlamba sukonda kuwala.
Kukawala umagona.
Kukada umadzuka.

A Ndevu anagwedeza ndevu.
A Ndevu anagwedeza mchira.
A Ndevu anadzuka!
Anakwera pang'onopang'ono.
Pamwamba panali Kofiira.
A Ndevu anatsegula kukamwa, yasa!

"Mayo! Amayi! Kapu! Kapu!"
Anastazia anataya chitenje uko.
Amayi anathamanga ndi kapu.
Anastazia anatunga Kamimba.
Anatunga Kofiira.
Kofiira anapulumuka.
Koma nsonga ya mchira wake inatsala kwa a Ndevu.

Nthawi yomweyo amalume balamanthu pakhomo.
Anayang'ana m'kapu.
Anayang'ana m'thanki.
"Kodi mdala wandevuyu anamuitana ndani?" anafunsa.
Anastazia anayang'ana zala za kumapazi.
"Ndine, amalume."
"Nanga alendo ena awiri ali kuti?"
Anastazia analoza mimba ya a Ndevu.
Mimbayo inali tuu.

Amalume anafuna kuseka.
Koma anaona misozi.
Anakhala pansi pambali pake.

"Mlambawu sunalakwe," anatero amalume.
"Mukaika mbuzi m'dimba la mpiru, mbuzi imatani?"
"Imadya mpiru."
"Basitu. Iwe unaona kukula kwake.
Sunaone kukamwa kwake.
Posankha nsomba, yamba waona kukamwa.
Nsomba yokwana m'kamwa mwa inzake si mnzake.
Ndi ndiwo."

"Ona kukamwa," anabwereza Anastazia.
Kenako anakumbukira.
Wina anamuuza kale mawu amenewa.
Anamuuza Lachiwiri.
Ndipo iye anamutcha wansanje.
Anamutchanso wakuba.

"Amayi, ndamulakwira Sumaiya."
"Kwawo ukukudziwa," anatero amayi. "Miyendo uli nayo."

Choyamba anabweza a Ndevu kuchitsime.
Chubwi!
A Ndevu sanatsanzike n'komwe.

Kenako Anastazia anapita kwa Sumaiya.
Njira inali yomweyo.
Koma tsiku limenelo inatalika.

"Odi!"
Sumaiya anatuluka. Sanamwetulire.
"Wabwera kudzafufuza m'mabotolo?" anafunsa.
"Ayi. Wakuba ndamupeza. Ndi a Ndevu."
"Si ndinanena?"
"Unanena. Pepa, Sumaiya.
Wansanje sunali iwe. Ndinali ine."

Sumaiya anamuyang'ana.
Anakanda khutu.
"Kamimba alipo?"
"Alipo."
"Nanga Kofiira?"
"Alipo, koma mchira anamumeta."
Sumaiya anayesa kubisa kuseka.
Kuseka kunakana kubisala.
Onse awiri anaseka.

"Tabwera," anatero Sumaiya.
"Tisankhe ina. Koma tisankhe bwino."
Anagwada pafupi ndi thanki ya Sumaiya.
Pansi, pamchenga, panali kansomba kotuwa.
Kanali kafupi ngati chala.
Kanali ndi tindevu.

"Ndevu ayi!" anakuwa Anastazia. "Ndevu ndatopa nazo!"
"Usaone ndevu," anatero Sumaiya. "Ona kukamwa."
Anastazia anayandikira.
Kukamwa kwake kunali kakang'ono.
Kunali koyang'ana pansi.

"Kodi kangameze Kofiira?" anafunsa Sumaiya.
"Ayi."
"Kodi Kofiira angakameze?"
"Ayi."
"Kodi kakuthamangitsa anzake?"
Anastazia anayang'anitsitsa nthawi yaitali.
"Ayi. Kakungotola nyenyeswa pamchenga."
"Aka kamakhala pansi. Enawo amakhala pamwamba.
Salimbirana malo.
Koma sikakonda kukhala kokha. Tenga titatu."

Anatenga titatu.
Anationetsa kwa amalume tisanalowe.
Amalume anavala magalasi awo a m'maso.
Anationa ngati apolisi a pamsewu.
"Alendo awa alowe," anatero.

M'mawa Anastazia anawerenga.
Zonse zilipo!
M'mawa winawo anawerenganso.
Zonse zilipo!

Tsiku lina Loweruka anawerenga, n'kusokonezeka.
M'thanki munali timadontho.
Timadonthoto tinali ndi maso.
Timadonthoto tinkasambira!

"Amayi! Amalume! Kamimba waswa!"
Onse anabwera. Sumaiya anabweranso, wefuwefu.
Tiana tinali mbwee.
Tinali tating'ono kuposa mpunga.

Onse ankaona tiana.
Koma Anastazia ankaona china.
Anaona kukamwa kwa Kofiira.
Anaona kukamwa kwa Kamimba.
Anaonanso tiana.
"Tikwana m'kamwa!" anakuwa. "Amayi, kapu!"

Anatunga kamodzikamodzi.
Anatiika m'botolo lalikulu, patokha.
"Tikakula tidzabwerera," anatero.
Amalume anaomba m'manja.
"Mwamuona mwana wa mlongo wanga?
Nzeru zimenezi anatengera ine."
"Nanga nsanje anatengera ndani?" anafunsa amayi.
"Imeneyo ndi ya kwa bambo ake," anatero amalume.

Sumaiya anawerenga tiana.
Tinalipo khumi ndi tinayi.
Anawerenganso.
Khumi ndi tinayi ndithu.
"Zanga sizinaswepo," anatero motsitsa.
Anagwira pamtima.
"Ndikumva kanthu apa."

"Kakang'ono?" anafunsa Anastazia.
"Eee."
"Kotentha ngati tsabola wa kambuzi?"
"Eee! Wadziwa bwanji?"
"Ndimakadziwa," anatero Anastazia.
"Usakasunge. Kali ndi kukamwa kwakukulu kuposa a Ndevu."

Anastazia anatenga botolo lina.
Anatunga kamodzi. Anatunga kachiwiri.
Anatunga mpaka tisanu ndi tiwiri.
"Kwaya, mnzanga. Ndakugawira."

Amayi anabweretsa mtedza wokazinga.
Onse anakhala pamkeka.
Botolo la Anastazia apa.
Botolo la Sumaiya apa.
Amalume anatapa mtedza wodzaza dzanja.
Anaponya wonse m'kamwa.

Atsikana awiri anayang'anana.
"Ona kukamwa!" anakuwa.
Ndipo anasuntha mabotolo awo, kutali ndi amalume.