Sokosi Yamanzere ya Caleb

Theresa ankaswa mtedza pakhonde, dzuwa litapendeka, pamene anamva phokosolo koyamba. Gu! Mpira kumenya mtengo wa golo. Gu! Anadzutsa mutu. Bwalo la mpira la ku Mavwere linkaonekera pakhonde pakepo, koma panalibe munthu, ngakhale mbuzi.

Apa n'kuti mwana wake Caleb, katswiri womwetsa zigoli ndi mwendo wamanzere, atagulitsidwa ku timu ina ya ku Chipata. Mudzi wonse unali moto. Kuchigayo, pamjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, mlandu unali umodzi: a Stanley, wapampando wa timu, agulitsa mwana ngati belo la fodya.

"Ati tigule majezi atsopano! Jezi imagoletsa?"

"Akanadzigulitsa okha, tione ngati a ku Zambia akanawatola!"

Theresa sankadana ndi a Stanley, poti ankadziwa kuti mwanayo anafuna yekha kupita. Amene ankamuyendera osatokota anali Anasi, mayi wochapa majezi a timu. Kuyambira kale Anasi ankasokera Caleb masokosi ndi ulusi wofiira, osalipiritsa, n'kumamusungira chinangwa chootcha akamachoka kubwalo. Caleb atapita, Anasi anabweretsa zovala za mnyamatayo atazipinda bwinobwino, kungoti sokosi inali imodzi. "Inayo mwina agalu," anatero.

Kenako Lloyd, dalaivala amene anawolotsa Caleb pa boda, anapezeka atafa m'galimoto yake masanasana, mwendo wamanzere utauma ngati phesi la chimanga. Posakhalitsa a Stanley anayamba kukwekwesa mwendo womwewo. Madzulo alionse phokoso lija linkakula, ndipo mphepo yochokera kubwalo inkanunkha thukuta losasa. Ana anasiya kudzera kumeneko.

Ndiye foni inalira. Anali Caleb.

"Amayi, mwendo ukuzizira. Adokotala sakuona kanthu."

"Ukupweteka?"

"Ayi. Ukuchepa, amayi."

Anthu atamva, anati a Stanley anagulitsa ndi mwendo womwe kwa asing'anga a kutsidya. Anyamata anatenga petulo, ulendo kugolosale ya wapampandoyo. Theresa sanawatsatire. Mkwiyo unamutengera kubwalo, khasu lili m'manja, kulondola phokosolo.

Patsinde pa mtengo wa golo dothi linali lofunda. Anakumba mpaka khasu linakola nsalu. Inali sokosi ya Caleb yosowa ija, yodzaza dothi, yolemera, ikugunda ngati katumba wa munthu amene wangotha kuthamanga. Kukamwa kwake inali yosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Ikwirireni, amake Caleb."

Anasi anali ataima kumbuyo kwake, beseni la majezi lili pamutu, akumwetulira monga mwa masiku onse.

"Inuyo? Mwana amene munkamudyetsa ndi manja anu?"

"Ndinkadyetsa mwendowo. Mumayesa zigoli zija anatengera bambo ake? A Stanley agulitsa munthu, koma mwendo ndi wa pabwalo pano. Abwerere, achira."

"Akapanda kubwerera?"

"Kafunseni Lloyd. Ndipo mukamasula ulusiwo, sadzagoletsanso, kuno kaya ku Zambia."

Theresa anaimirira, sokosi ili m'manja.

"Mfiti iwe! Ine ndinabereka mwana, sindinabereke zigoli!"

Analuma ulusiwo n'kuudula. Dothi lakuda linakhuthuka likutuluka nthunzi. Anasi anakuwa mfuu imene inamveka mpaka kugolosale, ndipo anyamata aja anasiya petulo asanayatse, n'kuthamangira kubwalo. Anapeza Theresa, beseni ndi majezi ali mbwee. Anasi kunalibe. Pafumbi panali mapazi a kumanja okhaokha, pambali pake mzere wa mwendo wokwekwesa, kulowera m'munda wa chimanga. Mpaka lero sanaonekenso.

A Stanley anachira. Caleb anabwerera akuyenda ndi miyendo yonse iwiri, timu ya ku Chipata itamubweza. Masiku ano akamenya mpira umakagwera mumtedza wa eni, ndipo omwe ankafuna kutentha golosale chifukwa cha iye ndi amene amamukuwiza. Theresa amachapa yekha masokosi a mwana wake, ndipo amawayanika m'nyumba.