Nthunzi Yachiwiri pa Galasi la Fermín

Izi zinachitikadi ku Santa Rufina, mudzi uja wa anthu okumba migodi pa Mars, chaka chimene chifuwa chinkapha anthu asanu pa tsiku. Namwino Casilda Mamani anaona ndi maso ake, ndipo mayi amene uja sadziwa kukometsera nkhani.

Odwala ankatsekeredwa aliyense m'kachipinda kake, kuseri kwa galasi lochindikala losadutsa mawu. Masana alionse abale ankaima panja, wodwala n'kuuzira mpweya pagalasipo. Pakachita nthunzi, ndiye kuti munthu wako akadali moyo.

Eulalia sankaphonya, pakuti mwamuna wake Fermín anali m'gulu la otsekeredwawo. Chimodzi chokha chinkamutonthoza mtima: Dominga, mkazi wamfupi wa kukhitchini amene ankakonda kumuwonjezera Fermín nyama m'mbale, anali atamwalira Lachiwiri. Maliro amenewo Eulalia sanalire, tisanamizane.

Lachisanu Fermín anadzikoka mpaka pagalasi n'kuuzira. Nthunzi inachita. Kenako cha paphewa pake panachita ina. Yaing'ono.

"Muli ndani wina umu?" Eulalia ananong'ona.

"Ali okha, mayi," anatero Casilda. "Kiyi ndimasunga ndine."

Loweruka, ziwiri. Lamlungu, ziwiri. Makina a mpweya ankangolira chapansipansi. M'khonde munayamba kumveka fungo la anyezi wokazinga, chonsecho khitchini anali ataitseka. Fermín sankamuyang'ananso mkazi wake. Ankayang'ana pambali, akumwetulira.

Wina akanaliyatsa liwiro. Eulalia mantha analibe, nsanje ndi imene inkamuwira m'chifuwa. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati, iye n'kumaima panja ngati mlendo, wakufa ali m'kati!

"Tsegulani."

"Mukalowa simutulukanso, Mayi Eulalia."

"Nanga uja walowa bwanji? Mkazi wopanda manyazi, ndi manda omwe akulephera kumugwira! Tsegulani, ndi amuna anga amenewa."

Casilda anakana. Eulalia anamutsomphola kiyi, anavula chophimba pamphuno, n'kulowa. Chitseko chinatsekeka.

Tsiku lotsatira masana Casilda anakaima yekha pagalasi paja. M'katimo, anthu anaonamo awiri. Nthunzi anawerenga zitatu.

Ziwiri zinali zogundana. Ya Eulalia inali payokha, kumapeto kwa galasi, ndipo ndi imene inayamba kuzimirira.