Yeruti, Chimfine ndi Chikho cha Agogo

Yeruti anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuthira tereré.

Tereré ndi madzi ozizira a masamba. Banja lonse limamwera chikho chimodzi cha nyanga ya ng'ombe. Kapaipi koyamwira nakonso n'kamodzi. Wothira amayendetsa chikho kwa aliyense. Naye amamwa.

"Loweruka uthira ndiwe," anatero Agogo Eulalio.

Loweruka linafika. Chimfine nachonso chinali chitafika. Paja chimfine sichiodira.

Yeruti anada nkhawa. Agogo anali ndi chifuwa chofooka. Chaka chatha chimfine chinawagoneka m'chipatala masabata awiri. Koma Yeruti ankafunabe kuthira. Sanauze munthu.

Anathamangira kuseri kwa nyumba, m'maudzu.

"Hetsi! Hetsi!"

Tsoka ilo, Azakhali Nilda anali komweko, akuthyola mandimu. Iwo amagwira ntchito yoyeza matenda kuchipatala.

"Iwe mwana, mphuno yakoyo yasanduka mpopi?" anafunsa azakhali.

"Chimfine changa sichipatsirana, azakhali. Dzulo ndinayetsemulira Moroti. Tamuonani, ali bwinobwino!"

Moroti, galu wa pakhomopo, anagwedeza mchira.

"Tayang'ana masokosi akowo," anatero azakhali.

Yeruti anayang'ana. Masokosi anali chisoso chokhachokha.

"Tsopano yang'ana jombo zangazi."

Yeruti anayang'ana. Pa jombo panalibe chisoso ngakhale chimodzi.

"Tonse tadutsa m'maudzu omwewa," anatero azakhali. "Chisoso chili ndi tingowe. Pa sokosi tingowe timapeza pogwira. Pa jombo sitipeza pogwira."

"Nanga chimfine chikubwera pati?"

"Kachilombo ka chimfine nakonso kali ndi zogwirira. M'mphuno mwathu muli tizipinda tating'onoting'ono. Timatchedwa maselo. Kunja kwa maselo kuli timfundo. Kachilombo kamagwira kamfundo kokayenera. Kakagwira, kamalowa. Kakalowa, kamachulukana."

"Nanga Moroti?"

"Timfundo ta Moroti n'tosiyana ndi tathu. Kachilombo kako sikapeza pogwira."

Yeruti anaganiza pang'ono.

"Nanga timfundo ta agogo?"

"N'tofanana ndi tako, mwanawe."

Azakhali ananyamula mandimu awo. Anapita kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Banja lonse linali pamenepo. Kunja kunkatentha zedi. Agogo anakweza chikho m'mwamba.

"Wothira wathu ali kuti? Tifa ndi ludzu ife!"

Yeruti anabwera pang'onopang'ono. Anaima patali. Anayang'ana chikho. Anayang'ana kapaipi. Anayang'ana agogo. Chikhocho ankachifuna kwambiri. Koma anabisa manja kumbuyo.

"Agogo, sindithira. Ndili ndi chimfine."

Misozi inatsika. Mamina nawonso anatsika.

"Aa! Wakana chikho changa?" anafunsa agogo.

"Kachilombo kanga kagwira timfundo tanu. Mubwerera kuchipatala. Ine sindikufuna."

Agogo anakanda ndevu.

"Timfundo tanga? Zaka zonsezi ndili ndi timfundo, osandiuza?"

Onse anaseka. Yeruti naye anaseka.

Agogo anaimirira. Anakapachika chikho pa msomali.

"Chikho ichi chidikira wothira wake," anatero. "Lero aliyense kapu yake."

Yeruti anamwera pakhonde. Masiku otsatira ankayetsemulira m'kansalu. Ankasamba m'manja ndi sopo. Chikho chinadikira. Agogo ankadandaula tsiku lililonse.

"Kapu imeneyi ikununkha khofi! Chira msanga, iwe!"

Panapita sabata imodzi. Panapitanso ina. Mphuno ya Yeruti inauma. Agogo sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Yeruti anatsitsa chikho. Anaika masamba. Anathira madzi ozizira. Anapereka ndi manja awiri.

Agogo anayamwa. Anayamwa. Anayamwa mpaka kapaipi kanalira kuti fyoo!

"Agogo, ena amweko!" anatero Yeruti.

"Adikire," anatero agogo. "Ine ndadikira masabata awiri. Thiranso, mdzukulu wanga."